Gofu wa chimbale m'zitunda ndi m'madambo a ku Salima: mafunso ndi mayankho

Loweruka m'mawa kagulu kathu kamakumana m'mbali mwa kaphiri kena, njira yopita ku Senga Bay, aliyense atanyamula tizimbale tapulasitiki m'chikwama. Odutsa amaima. Amayi ochokera kudimba amatula mitolo n'kumationerera, anyamata a kabaza amachedwa nazo, ndipo mafunso awo amakhala omwewomwewo. Ndawasonkhanitsa pano, pamodzi ndi ena amene amafunsa anzathu ongoyamba kumene. Bwalo lathu n'lodzipangira tokha, lili ndi magawo 9, chikweza, mtsetse, mithethe ndi milambe, khwawa limodzi, ndi dambo losunga madzi mpaka cha mu Ogasiti. Mayankho ambiri ndawaphunzira pamenepo, ena mwa kutaya zimbale.

Amenewa ndi masewera anji? Mukuti gofu, nanga ndodo ndi kampira zili kuti?

Kulibe ndodo, kulibe kampira, ngakhale dzenje kulibe. Chimene tinabwereka ku gofu ndi kawerengedwe. Mumaima poyambira n'kuponya chimbale kulunjika dengu lachitsulo lomwe lili patali, mwina mamita 60, mwina 120. Pamene chagwera mpamene mukaponyerenso, mpaka chitalowa m'dengu. Mukatero mwatha gawo limodzi, mupite pa lotsatira. Bwalo limakhala ndi magawo 9 kapena 18, ndipo wapambana ndi amene waponya kochepa pa onsewo. Gawo lililonse lili ndi nambala yomwe munthu wodziwa amayembekezeka kumalizira, dzina lake par, ndipo kawirikawiri imakhala 3. Mukamaliza ndi kuponya kuwiri pa gawo la par 3, imeneyo ndi birdie, ndipo anzanu atopa nayo nkhaniyo mpaka Loweruka linalo.

Gofu wa ndodo amafuna kapinga wometedwa bwino ndi madzi othirira, monga amachitira ku Kasasa ku Dwangwa. Wathuyu amakonda malo amene mlimi amawadandaula: miyala, makwawa, mitengo yothinana.

Anayambitsa ndani?

Amene anawaumba kukhala masewera a malamulo ndi Ed Headrick wa ku America, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya Wham-O, eni dzina la Frisbee. Bwalo loyamba lokhazikika analikonza mu 1975 ku Oak Grove Park, pafupi ndi Pasadena ku California, ndipo chandamale chake chinali mapaipi ozika pansi basi. Paipi imabala mkangano: wina akuti chakhudza, wina akuti chadutsa pambali. Ifenso pa nsungwi zathu zopaka penti, zomwe timazika m'malo mwa dengu, timakangana chimodzimodzi. Choncho Headrick anapanga dengu lokhala ndi matcheni olendewera, oti azigwira chimbale n'kuchigwetsera m'kati, ndipo boma la America linamulembera umwini wa lusolo mu 1977. Bungwe losunga malamulo, PDGA, linayamba mu 1976. Mkuluyu atamwalira mu 2002, phulusa la thupi lake analisakaniza ndi pulasitiki n'kuumba zimbale, monga anapemphera mwini wake. Nkhani imeneyo sindiifotokoza pakakhala agogo.

Chimbale chake n'chomwe chija alendo amaponyerana kumchenga?

Ayi. Chija n'chachikulu ndipo n'chopangidwira kuwakha. Cha gofu n'chaching'ono, pafupifupi masentimita 21 m'mimba mwake, koma cholemera: zambiri zimakhala pakati pa magalamu 150 ndi 180, ndipo lamulo silola kupitirira 200. Pali mitundu itatu yomwe muyenera kuidziwa. Putter ndi ya milomo yokhuthala, imauluka pang'onopang'ono ndiponso molunjika. Midrange ndi yapakatikati. Driver ndi ya milomo yakuthwa ngati mphepete ya khasu lotha, yopita kutali. Milomo yakuthwayi anaiyambitsa Dave Dunipace wa kampani ya Innova mu 1983, ndipo kuyambira pamenepo chimbale cha gofu chinaleka kukhala choseweretsa ana. Driver ikam'peza munthu pachipumi, magazi atuluka. Musaponye muli munthu, mbuzi kapena njinga kutsogolo. Azungu amafuula kuti "Fore!" chikalowera kwa anthu. Ife timangoti "Chimbalee!" ndipo aliyense amagwira mutu.

Manambala anayi olembedwa pamwambawa akutanthauza chiyani?

Yoyamba ndi liwiro limene chimbalecho chimafuna kuti chiuluke monga anachipangira, kuyambira 1 mpaka cha m'ma 14. Yachiwiri ndi mmene chimayandamira mumlengalenga, 1 mpaka 7. Yachitatu, yomwe imachoka pa +1 kutsika mpaka -5, ikunena mmene chimapendekera kumanja chikadali ndi mphamvu, kwa munthu woponya ndi dzanja lamanja. Yachinayi, 0 mpaka 5, ndi mmene chimabwererera kumanzere mphamvu ikatha.

Ongoyamba amathamangira nambala yoyamba. Amaona 13 n'kuganiza kuti agula mtunda. Nambala imeneyo si mphatso, ndi ngongole: chimbale chikukuuzani mphamvu imene mukuyenera kuchipatsa. Mukalephera kuikwanitsa, chingonyamuka n'kukhotera kumanzere, n'kukadzibaya m'tchire pa mamita 40. Yambani ndi putter imodzi ndi midrange imodzi. M'nkhalango ngati yathu, mukhoza kutha chaka chathunthu osasowa china.

Ndikuyesetsa kulunjika, koma chikumathera kumanzere nthawi zonse. Ndalakwa pati?

Simunalakwe, ndi chibadwa chake. Kaponyedwe kofala ndi kokoka chimbale kudutsa pachifuwa, ngati mukuliza injini ya boti. Mukatero ndi dzanja lamanja, chimazungulira mmene imayendera mivi ya wotchi, ndipo liwiro likamatha chimagwera kumanzere. Amanzere, zonsezi muzitembenuze. Kaponyedwe kena ndi ka m'mbali, kofanana ndi mmene ana amaponyera kamwala kaphwatalala kuti kadumphedumphe pamadzi. Kameneko kamathera kumanja. Wodziwa konse kuwiri ali ndi njira ziwiri pa mtengo uliwonse.

Palinso kupendeketsa. Mukachimasula mphepete yakutali ndi dzanja itaweramira pansi, chimakhota msanga kumanzere, amati hyzer. Mukaidzutsa m'mwamba, chimayamba chalowera kumanja, amati anhyzer. Koma cholakwa chenicheni cha ongoyamba ndi kudzutsa mphuno ya chimbale. Chimakwera ngati khwangwala, kuima m'mwamba, n'kugwa chammbali. Chisungeni chogona, pa msinkhu wa chifuwa.

Mitengo yachuluka chonchi, munthu angadutsitse bwanji?

Apa ndiye pagona masewera onse. Pabwalo loyera amapambana wamphamvu. M'nkhalango amapambana amene wavomera kuti mtengo susuntha.

Choyamba, musayang'ane mtengo umene mukuuopa. Dzanja limatsata diso. Ndaona anthu ambiri, ine ndemwe, akunena kuti "bola ndisamenye mlambe uwo", ndipo kenaka kumva phuu! pa mlambe womwewo, mtengo woti anthu asanu sangaukumbatire. Sankhani mpata woyamba, kaya ndi wa mamita 3, muike maso pakati pake. Za dengu muziganiza mukadutsa.

Chachiwiri, chepetsani mphamvu. Chimbale choponyedwa ndi theka la mphamvu chikamenya mtengo chimagwera pafupi, pomwe mukhoza kuponyanso bwinobwino. Cha mphamvu zonse chimanjanja n'kulowa m'kati mwa minga, komwe muponya kawiri kuti mungotuluka. Ndimakonda kuponya nditangoima, osathamangira, makamaka poti pansi pali miyala yosakhazikika.

Chachitatu ndi chimene chimawawa. Mukalowa m'tchire, tulukani kaye. Ponyerani chammbali, ngakhale chakumbuyo, mubwerere panjira yoyera. Mtima umanena kuti pali kampata pakati pa nthambi ziwiri, dengu likuonekera. Kampata kameneko kandidyera masewera ambiri. Pa gawo lathu lachinayi njira imakhota ngati chigongono, ndipo mnzathu wina wachikulire, woti saponya kupitirira mamita 50, amatigonjetsa pamenepo pafupifupi sabata iliyonse. Amaponya putter mpaka pokhota, kachiwiri kufupi ndi dengu, kachitatu m'kati. Achinyamata amayesa kulumphitsa pamwamba pa mitengo, ndipo iye amawadikira atakhala pamwala, akudya mtedza. Akamabwera ndi zokanda m'miyendo amangoti, "Khotekhote ngwa njira, ana inu, palinga mtima mpomwepo."

Malo ena okonza bwalo amalamula kuti chimbale chidutse mbali yakutiyakuti ya mtengo. Amati mando. Ife tinaika imodzi kuti anthu asamaponyere kumene kuli njira ya kumjigo. Mukaiphonya, ndi chindapusa cha kuponya kumodzi.

Chakodwa m'mwamba mumtengo. Ndiponyere kuti?

Ikani chizindikiro pansi penipeni pa pomwe chakodwapo, muponyere pamenepo. Pali lamulo lakuti chikakodwa kupitirira mamita 2 mulipire kuponya kumodzi, koma limagwira ntchito pokhapokha oyendetsa masewera atalengeza musanayambe. Gwirizanani poyamba. Pochigwetsa, nsungwi iposa mwala, chifukwa mwala umabwerera kwa mwini wake. Chikakhala pa mgwalangwa wautali, tsanzikanani nacho mpaka mwera udzachigwetse.

Kanthambi kakunditchinga. Ndithyole?

Ayi. Simuloledwa kuthyola kapena kupinda chomera kuti mupeze mpata. Chimene mungachotse ndi zogwa kale, monga timiyala ndi nthambi zouma zomwe zili pamene mukufuna kupondapo. Ndipo popondapo n'pochepa: kachigawo ka masentimita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali, kuseri kwa pomwe chimbale chagona. Phazi limodzi likhale pamenepo pomasula. Linalo litambasuleni mmene mungathere, bola lisapitirire kutsogolo. Mudzaona anthu akuluakulu atagwada, ena atatang'adza ngati achule.

Pa chikweza chimbale changa sichipita patali. Ndiwonjezere mphamvu?

Chikweza chimadya mtunda, ndipo mphamvu yokha siibweza. Poponya chokwera, mphuno ya chimbale imadzuka, liwiro limatha msanga, ndipo chimagwera kumanzere nthawi isanakwane. Tengani chopepukirapo, kapena chomwe nambala yake yachitatu ili cha ku -2 kapena -3, choti chimachedwa kubwerera. Thupi lonse litsate kupendekeka kwa phiri, osati kungokweza dzanja. Ndipo muvomereze kuti gawo la mamita 70 lokwera likufanana ndi lalitali kuposa pamenepo. Ubwino wa chikweza ndi umodzi: chikagwa, chimakhala pomwepo.

Nanga pa mtsetse? Kumeneko ndiye kosavuta, eti?

Kumeneko ndiye kokoma, koma chikomekome cha mkuyu. Mukaima pamwamba pa gawo lathu lachisanu ndi chimodzi, nyanja imaonekera patali, mabwato ali ngati timbewu ta mpunga, ndipo dzanja limayabwa kuti mutulutse driver. Chimbale choponyedwa kuchokera pamwamba chimakhala nthawi yaitali mumlengalenga, ndiye kulakwitsa kulikonse kumakula. Chikayamba kukhota, chili ndi mpata wokhota mpaka kukathera kumunda kwa eni ake. Tengani midrange kapena putter, muiweramitse kutsata kutsetsereka kwa phiri, muisiye itsike yokha.

Choopsa china ndi kugubuduzika. Tsiku lina ndinali mamita 6 okha kumtunda kwa dengu, ndikuyembekeza birdie. Ndinaponya mwamphamvu pang'ono, chinakhudza mlomo wa dengu, n'kugwa choimirira. Chinazungulira kamodzi ngati chikuganiza, kenaka chinauyamba ulendo ngati tayala la njinga lothamangitsidwa ndi mwana. Chinadutsa pakati pa miyendo ya mnzanga, kulumpha muzu, kulambalala chulu, ife tikungochiyang'ana, mpaka chinakalowa m'khwawa mamita 40 kumunsi. Gawo loti ndimalize ndi 2 ndinamaliza ndi 6.

Kuyambira tsiku limenelo ndimatsata zinthu ziwiri. Poyandikira dengu la pamtsetse, ndimafuna chimbale chigwere kumunsi kwake, kuti kuponya komaliza kukhale kokwera. Ndikaphonya, phiri limachigwira. Ndipo ndimayesetsa kuti chitere chogona mofanana ndi nthaka, chifukwa chotera ndi mphepete ndicho chimadzuka n'kuthawa. Kumbukiraninso kuti mukakhala m'kati mwa mamita 10 kuchokera padengu, simuloledwa kugwera kutsogolo mukaponya. Muyenera kuonetsa kuti mwaima bwinobwino musanasunthe. Pamtsetse wa timiyala lamulo limeneli limavuta kuposa kuponya kwenikweniko.

Chagwera m'madzi. Malamulo akuti chiyani?

Zitengera mmene munagwirizanirana za madziwo. Ngati ndi malo oletsedwa, amene amati OB, mumawonjezera kuponya kumodzi pa chiwerengero chanu. Kenaka musankhe: kubwerera pomwe munaponyera, kapena kupita pomwe chimbale chinadutsira malire komaliza n'kulowa mita imodzi kumtunda. Chimawerengedwa kuti chatuluka pokhapokha madzi atachizungulira mbali zonse. Chikakhudza gombe ngakhale pang'ono, chili m'bwalo. Ngati nonse mwachiona chikumira, palibe chifukwa chochifunafuna kuti mutsimikize.

Zithaphwi za mvula zomwe simunazitchule kuti n'zoletsedwa zilibe chindapusa. Mumangobwerera m'mbuyo molunjika ndi dengu mpaka mutapeza pouma.

Chotayika m'tchire n'china. Gulu lonse limathandizana kufuna kwa mphindi 3. Chikapanda kuoneka, chindapusa chimodzi, mubwerere pomwe munaponyera. Lembani dzina pansi pa chimbale chilichonse, poti lamulo limafunanso kuti chikhale ndi chizindikiro cha mwini wake. Ndipo pogula pewani chobiriwira ndi chakhaki. Cha pinki chimaoneka ngakhale pa lupsa.

Ndilumphitse dambo kapena ndizungulire?

Werengani musanaponye. Mukalumphitsa n'kulephera, kuponya kumodzi kwapita, chindapusa chabwera, ndiye mukuponya kachitatu mukadali tsidya lomwelino, chimbale chili pansi pa madzi. Mukazungulira, kachitatu kamakupezani muli pafupi ndi dengu. Funso si lakuti munaponyapo mamita angati tsiku lina mphepo ikukuthandizani. Funso ndi lakuti mumafika pati pa tsiku wamba, mutatopa, m'manja muli thukuta. Ngati dambo ndi la mamita 55 ndipo inu mumafika 60 zikayenda bwino, zungulirani.

Madzi amasinthanso kaponyedwe ka munthu. Akawaona amalimbitsa mapewa, kuumitsa dzanja, n'kuponyera m'mwamba poganiza kuti kukwera ndiko kupita patali. Mukaganiza zolumphitsa, tengani chimbale chimene mumachidziwa bwino, osati chimene simukuchiumira mtima. Ambiri amatulutsa chakale chong'ambika poti chikamira sadandaula, ndipo chimamiradi.

Kodi sichiyandama? Nanga bwanji osangolowa n'kukachitola?

Zambiri zimamira. Zilipo zochepa zopangidwa kuti ziziyandama, monga Dragon ndi Wahoo za Innova, koma nazonso mphepo imazikankhira m'bango.

Za kulowa m'madzi, yankho langa ndi ayi, ndipo pamenepa sindiseka. Anzathu a ku Finland kapena ku Sweden akalowa m'dziwe amaopa kuzizira. Ife kuno tili ndi ng'ona. Aliyense wokulira m'mbali mwa Linthipe, Bua kapena Chia akudziwa kuti mitsinje ikasefukira ng'ona zimasamukira m'madambo ndi m'maiwe momwe chaka chatha munali ana akusamba. Nyanja itakwera mu 2024, madzi anafika malo amene tinkawayesa mtunda. Mvuu nazonso zimatuluka usiku kukadya, ndipo mukapeza mapazi ake m'matope m'mawa, gawo limenelo lidumpheni.

Chachiwiri sichioneka ndi maso. Madzi odikha a m'bango ndiwo mudzi wa nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timalowa pakhungu, simuchita kumwa madziwo. Mukaona magazi mumkodzo pitani kuchipatala, mankhwala ake alipo, a praziquantel. Koma kulibwino osayamba n'komwe.

Midrange yanga yoyamba, yofiira, inagwera mamita 4 okha kuchokera pagombe, ikuonekera pansi. Kamnyamata kena kamene kankatitsatira kanali katavula kale malaya, kakuti, "Ankolo, mundipatsa zingati?" Ndinatsala pang'ono kuvomera. Mayi wina amene ankathirira mpiru chapafupi anaimika kheni yake pansi n'kunena, osakweza mawu, "Bambo, mwanayo ngwanu?" Ndinachita manyazi mpaka kumapazi. Kuyambira apo tili ndi lamulo lathulathu, loposa a PDGA: palibe kutuma mwana m'madzi, kaya mwaulere, kaya ndi ndalama. Mukalipira kamodzi, mawa ana khumi adzadikirira pa dambo, ndipo adzalowa inu kulibe. Timayenda ndi nsungwi yaitali yomangirira kawaya kokowera kunsonga. Chimene nsungwi yalephera kufikira n'cha dambo, tidzachipeza mu Okutobala madzi akaphwa, ngati moto sunachipeze poyamba.

Mphepo ya kunyanja imasokoneza bwanji?

Kwambiri. Mwera ukayamba kuwomba kuchokera kummwera, cha mu Meyi mpaka Ogasiti, bwalo lomwelo limasanduka lina. Mphepo yokuwombani kumaso imachititsa chimbale kuuluka ngati mwachiponya mwamphamvu kuposa mmene mwachitira: chimadzuka, n'kupendekera kumanja. Pamenepo mufunika cholemera, cha nambala yomaliza yokwera, ndipo muchiponye chotsika. Yochokera kumsana imachikanikizira pansi n'kuchigwetsera kumanzere msanga, ndiye tengani chopepuka muchikweze pang'ono. Ya m'mbali, musaionetse mimba ya chimbale, ingachinyamule ngati chipewa.

Chonyenga m'nkhalango n'chakuti pansi pamakhala bata pomwe pamwamba pa mitengo mphepo ikukuntha. Yang'anani nsonga za migwalangwa, osati udzu wa pamapazi panu. Ndipo ngati mukufuna kudziwa za mawa, funsani asodzi. Akakokera mabwato kumtunda, siyani driver kunyumba.

Nyengo yabwino ndi iti?

Kwa ine ndi Juni ndi Julayi, ngakhale kuli mwera, chifukwa kumazizira ndipo udzu wayamba kugona. Kuyambira Januwale mpaka Epulo udzu umabisa munthu woimirira, ndiye mphindi 3 zofunira chimbale zimatha gawo lililonse. Okutobala ndi Novembala pansi pamayera, koma kutentha kwa Salima mukukudziwa. Timayamba 5 koloko m'mawa, pofika 9 tabalalika. Musasiye zimbale m'galimoto kapena padzuwa, zimafewa n'kupindika, ndipo chopindika sichimveranso. Kukayamba ziphaliwali tsikani paphiri msanga, musaime pafupi ndi dengu lachitsulo.

M'tchiremu muli chiyani china choti ndisamale nacho?

Chitedze. Chikauma, ubweya wake umauluka ndi kamphepo, ndipo mukachigwedeza pofuna chimbale mudzavina popanda ng'oma. Phunzirani kuchizindikira musanalowe pa zitsamba zoyanga. Mphiri imagona duu pa masamba ouma, sithawa ngati njoka zina, choncho musapise dzanja pomwe maso sanafike. Yambani mwagogoda ndi ndodo. Valani nsapato zotseka, osati patapata. Mukafika kunyumba dzifufuzeni nkhupakupa. Anyani amangoonerera, koma chikwama cha nthochi musachisiye poyambira.

Tikufuna kuyambitsa kwathu. Tingasewere paliponse pali mitengo?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe alendo amalakwitsa. M'midzi yathu yambiri, malo a mitengo ikuluikulu yothinana, amthunzi wabwino, amene maso a wosewera amawasirira, ndi manda. Mitengoyo inatsala chifukwa anthu amailemekeza. Kwina ndi kudambwe. Simulowako, ndipo simukonza gawo loti chimbale chikaphonya chikagwere kumeneko. Safunsa anadya phula. Ife tisanazike nsungwi ngakhale imodzi tinapita kwa amfumu, tinafotokoza, tinawaponyetsa chimbale okha, ndipo anatipatsa munthu wotizungulitsa kutionetsa malire: apa ndi munda wa uje, apa mpodutsa ng'ombe, uko musayerekeze.

Nkhalango za boma zili ndi eni ake. Ku Thuma kuli njovu ndi njati. Kumalo osungira nyama a Nkhotakota, omwe bungwe la African Parks likuyang'anira kuyambira 2015, anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Kumeneko si koti munthu azikwawa m'tchire kufuna pulasitiki. Ku Senga Bay kulinso malo a asilikali, ndipo chimbale chikalowa kumeneko ndilibe malangizo oti ndikupatseni.

Pokonza magawo, musadule mtengo. Njira ipezeni pakati pa imene ilipo. Musalunjikitse gawo ku njira ya anthu, ndipo poyambira gawo lotsatira pasakhale kuseri kwenikweni kwa dengu.

Dengu mumalitenga kuti?

Timawotcheretsa. Miyeso yake ndi iyi: mlomo wa dengu ukhale masentimita pafupifupi 82 kuchokera pansi, m'mimba mwake pafupifupi 66, ndipo kuchokera pamlomopo kufika pa chozungulira chapamwamba chomwe matcheni amalendewerapo pakhale cha m'ma 51. Madengu ambiri a mipikisano amakhala ndi matcheni 24 kapena kuposa, m'mizere iwiri, wakunja ndi wam'kati. Loyamba lathu wowotcherera anaika timatcheni topepuka ta agalu, 8 tokha, poti anafuna kutipulumutsira ndalama. Chimbale chinkangodutsa ngati pa katani. Matcheni akhale olemera, ndiwo amamwa mphamvu. Ndipo chimbale chikatera padenga la dengu sichinalowe. Chiyenera kukhala m'kati kapena kugwidwa ndi matcheni.

Tili ndi madengu awiri okha, ndipo timabwerera nawo kunyumba, chifukwa chitsulo chogona kutchire chimamera miyendo. Magawo enawo ndi nsungwi zozika, zopaka penti yofiira pakati. Chimbale chikamenya pofiira, mwamaliza. Pakakhala mkangano, mawu a ambiri ndiwo amagamula.

Alipo amene amadyera masewera amenewa?

Kunja alipo. Ken Climo anakhala katswiri wa dziko lonse maulendo 12. Paul McBeth, yemwe watenga ulemu umenewo ka 6, anasaina mgwirizano wa zaka 10 ndi kampani yopanga zimbale ya Discraft mu 2021, wa madola 10 miliyoni. Kwa amayi, Kristin Tattar wa ku Estonia anapambana mu 2022 ndi 2023. Kuponya kwakutali kolembedwa ndi mamita 338, kwa David Wiggins Jr. mu 2016, m'chipululu ku Nevada mphepo ikumuthandiza. Pa kaphiri kathu, kuponya koteroko kungakathere padenga la munthu. Ife wopambana amagulidwa Fanta ndi mandasi awiri.

Ndikufuna kudzayesa. Nditenge chiyani?

Botolo la madzi akumwa, chipewa, nsapato zotseka, ndi kansanza kopukutira chimbale, poti mame a m'mawa amachiterereretsa. Chimbale musagule kaye, tidzakubwerekani putter. Tsiku loyamba sitikuwerengerani, ndipo pa gawo la dambo mudzaponyera tsidya linalo. Nsungwi yokowera imanyamulidwa ndi amene anamiza chimbale sabata yatha. Mwezi uno wonse ikunyamulidwa ndi ine.